Musanalipire lenzi yakale, iyambe yaona phiri la Kasungu

Chiikireni pa Facebook zithunzi za ukwati wa ku Santhe zija, zomwe masamba a mango kumbuyo kwa mkwatibwi ankaoneka ngati akuzungulira, foni yanga yasowa mtendere. Funso lake ndi limodzi: "Achimwene, lenzi imeneyo ndi yanji, nanga pa kamera yanga ingalowe?" Ndayankha pa WhatsApp mpaka chala chachita dzanzi. Ndiye ndalemba pano kamodzi, wofunsanso ndizingomutumizira zomwezi.

Lenzi ija ndi Helios 44-2, ya mamilimita 58, f/2 (nambala ya f ikachepa, ndiye kuti chibowo cholowetsa kuwala chatseguka kwambiri). Inkapangidwa ku Soviet Union ndipo inkabwera itamangidwa pa makamera a filimu a Zenit. Kapangidwe kake anatengera Biotar ya Carl Zeiss ya ku Germany. Mulibe waya, mulibe kainjini kofokasa kokha, zonse ndi dzanja lanu. Anapanga ambirimbiri, n'chifukwa chake ndi yotchipa mukayerekeza ndi lenzi yatsopano ya mu shopu. Koma kutchipa komweko n'kumene kumatayitsa anthu ndalama, chifukwa munthu amalipira asanadziwe ngati chinthucho chigwire pa kamera yake.

1. Dziwani pakamwa pa kamera yanu

Pomwe lenzi imalumikizana ndi kamera ojambula timati maunti, ine ndimangoti pakamwa. Dzina la kampani palokha silikuuzani kanthu. Canon yokhayo ili ndi FD ya nthawi ya filimu, EF yomwe inayamba mu 1987, kenaka EF-M ndi RF za makamera opanda kalilole mkati. Ambiri kuno tili ndi 600D, 700D kapena 1200D, ndipo zonsezi zimalandira EF. Nikon D3100, D3200 ndi D5100 ndi za F, pakamwa pomwe Nikon inayamba kugwiritsa ntchito mu 1959. Sony a6000 ndi anzake ndi za E.

Kumbali ya lenzi, yosavuta kuizindikira ndi M42. Ili ndi mazinga ngati bawuti, mulifupi mwake mamilimita 42, ndipo imalowa mochita kupota. Helios ndi Takumar za Pentax zambiri ndi zimenezi. Zina monga Pentax K, Olympus OM, Minolta MD ndi Nikon F mumangopotoza pang'ono n'kumva "kha". Wogulitsa akakutumizirani chithunzi cha kumaso kwa lenzi, muuzeni ajambulenso kumbuyo, pakuti nkhani ili kumeneko.

Chenjerani ndi ina yotchedwa T. Mulifupi mwake ndi 42 yemweyo, koma mazinga ake ndi oyandikana kwambiri. Imalowa kamodzi kapena kawiri kenaka n'kulimba. Mukakakamiza, mwapha mazinga.

2. Werengani mpata, apa ndi pomwe ambiri timagwera

Lenzi iliyonse inapangidwa kuti ikhale pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pa filimu. Lero pamene panali filimu pali sensa, koma mtundawo sunasinthe. Adaputa si chinthu chanzeru ayi, ndi kachitsulo kodzaza mpata basi. Imatha kuwonjezera mtunda, koma siingauchepetse. Nayi mitundayo m'mamilimita:

Nikon F: 46.5
Olympus OM: 46
M42 ndi Pentax K: 45.46
Canon EF: 44
Minolta MD: 43.5
Canon FD: 42
Canon RF: 20
Micro Four Thirds: 19.25
Sony E ndi Canon EF-M: 18
Fujifilm X: 17.7
Nikon Z: 16

Nambala ya lenzi iyenera kuposa nambala ya kamera, ndipo kusiyana kwake ndiko kunenepa kwa adaputa. Helios pa Canon 600D: 45.46 kuchotsapo 44, patsala 1.46, kachitsulo kopyapyala ngati ndalama yachitsulo, ndipo zimatheka. Helios yomweyo pa Sony a6000: patsala 27.46, adaputa yake imaoneka ngati kachitini. N'chifukwa chake amene ali ndi kamera yopanda kalilole ali pabwino, pafupifupi lenzi iliyonse yakale imawalowera.

Tsopano Helios pa Nikon D3200: 45.46 kuchotsapo 46.5, sizikuchotseka. Lenzi imakhala patali kuposa pamene inayenera kukhala. Nkhope ya munthu ali pafupi mujambula ndithu, koma gulu la anthu pa khomo la tchalitchi silidzaoneka bwino ngakhale mupote fokasi mpaka kumapeto. Chimodzimodzinso Canon FD kapena Minolta MD pa Canon EF.

Ine ndinaphunzira ndi thumba langa. Ndinagula Canon FD ya mamilimita 50 kwa munthu wina ku Lilongwe, mumtima ndikuti Canon ndi Canon. Nditafika ku Kasungu, siinalowe n'komwe. Ndinaitanitsa adaputa yokhala ndi kagalasi mkati, yomwe amati imakonza vutoli. Kutali inafikadi, koma pa f/1.8 zithunzi zinkaoneka ngati ndapaka mafuta odzola pa galasi. Ndinagulira lenziyo kuti ndizijambula m'malo a mdima, koma kuti chithunzi chiyere ndinkayenera kuitseka mpaka f/5.6, pamene lenzi yobwera ndi kamera imafika kale. Adaputa ya kagalasi musataye nayo ndalama.

A Nikon, inu khalani pa malenzi akale a Nikon omwewo, safuna adaputa. Koma pali ziwiri. Pa D3100, D3200 ndi D5100 kamera siiyeza kuwala ndi lenzi yopanda waya, ndiye mujambula pa M, pomwe zonse mumasankha nokha, kuyesa ndi kuona pa sikirini. Chachiwiri, malenzi opangidwa isanafike 1977, omwe sanasinthidwe kukhala a kapangidwe katsopano kotchedwa AI, amatha kuthyola kadzino ka m'mbali mwa pakamwa pa makamera ngati D7000 ndi D7100. Ikalimba polowa, ilekeni.

Kumbukiraninso kuti sensa ya makamera athuwa ndi yaing'ono kuposa filimu. Pa Canon chulukitsani mamilimita a lenzi ndi 1.6, pa Nikon ndi Sony ndi 1.5. Helios ya 58 pa 600D imaona ngati 93. Kujambulira nkhope ndi yabwino zedi, koma m'chipinda momwe akumuveka mkwatibwi mudzagunda khoma ndi msana musanakwanitse anthu atatu.

3. Gulani adaputa kaye, lenzi pambuyo

Zikumveka ngati kugula mbereko mwana asanabadwe, koma popanda adaputa simungayese chilichonse, ndipo masitepe otsatirawa onse akufuna kuti lenzi ikhale pa kamera yanu. Ya M42 ndiyo yoyamba kukhala nayo. Sankhani yokhala ndi mlomo mkati, wokankha kamsomali ka kumbuyo kwa lenzi. Malenzi ena, monga Helios 44M-4, alibe kabatani ka A ndi M kolola kutseka chibowo ndi dzanja, ndiye kamsomaliko kakapanda kukankhidwa, chibowo cholowetsa kuwala chimangokhala chotsegula ngakhale mupote bwanji.

Malenziwo kumene amapezeka sikovuta: m'magulu a ojambula pa WhatsApp ndi Facebook, kwa anzathu obwera kuchokera ku Joni, nthawi zina m'mashopu a katundu wa kaunjika ku Lilongwe. Koma abwino kwambiri ali m'masutikesi a madala omwe ankazungulira m'maesiteti a fodya pa njinga ndi Zenit, Yashica kapena Pentax pakhosi. Filimu itatha ntchito anangosunga. Kwa oterewa pitani mwaulemu, khalani pansi, mverani nkhani zawo, malonda abwere pambuyo. Ndipo musawabere. Mwana akakuuzani kuti "ndi zakale za adadi, tengani ndi ya fanta", funsani kaye eni ake.

Ndalama ya Airtel Money kapena Mpamba isatuluke lenzi musanaigwire. Wogulitsa ali kutali, pezani mnzanu wojambula wa komweko akaione, kapena mugwirizane kuti mulipira theka lotsala mukaiyesa.

4. Igwireni m'manja

Potani mkombero wa fokasi kuchoka koyambira mpaka kothera. Uyende mofanana, molemerera pang'ono. Ukamagwira pena n'kumasuka pena, girizi wamkati wauma, ndipo zimenezo zimakonzeka. Ukamalira ngati muli mchenga, kapena ukamagwedera, nkhani yakula. Igwedezeni pafupi ndi khutu, kugogoda kolemera ndiye kuti galasi lamasuka.

Kenaka timasamba totseka chibowo, tomwe timapanga apecha. Tsekani mpaka f/16, yang'anani kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Tikhale touma. Tikamanyezimira ndiye kuti mafuta atsikira. Pa lenzi ya kamsomali, kankhani kamsomaliko n'kusiya, timasamba titseke ndi kutseguka nthawi yomweyo, osati mwaulesi. Micro-Nikkor 55 ya f/2.8 imadziwika ndi vuto limeneli. Pa Helios 44-2 mafuta pang'ono sadetsa nkhawa kwenikweni poti timasambato mumatikankha ndi dzanja.

Helios 44-2 yomweyi ili ndi mikombero iwiri ya apecha, ndipo ambiri amaganiza kuti yawonongeka. Wina umalira "ke, ke", umenewo mumaikira malire, mwachitsanzo f/5.6. Winawo umayenda chete, ndiwo umatsegula ndi kutseka mpaka pa malire aja. Mumafokasa chibowo chili chotsegula, kenaka n'kutseka, n'kujambula.

Onaninso mitu ya timasikuluwu ndi mkombero wa kumaso pomwe palembedwa dzina. Pakakhala zokalika, wina anatsegulapo. Si mlandu, koma muzikumbukire pofika pa sitepe 6. Mlomo wa kutsogolo ukapindika, lenziyo inagwapo pansi.

5. Tochi

Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Lenzi imatha kunyezimira kunja mkati itatha. Lowani pamthunzi, tsegulani chibowo chonse, walitsani tochi ya foni kuchokera kumbuyo mopendeketsa, inu muyang'ane kutsogolo cham'mbali. Musawalitse molunjika m'diso. Kenaka tembenuzani muone mbali inayo.

Muona fumbi. Musadabwe, lenzi ya zaka 40 yopanda fumbi kulibe, ndipo timadontho timeneto pa chithunzi sitioneka. Tithovu ting'onoting'ono m'kati mwa galasi lenilenilo ndi ta kufakitale, si vuto. Kukalika pang'ono pa galasi la kutsogolo n'kopirika, koma pa galasi la kumbuyo ayi, chifukwa lili pafupi ndi sensa.

Adani enieni ndi atatu. Woyamba ndi fangasi, chuku chomwe chija chimagwira chimanga ndi mtedza wosauma bwino. Chimaoneka ngati ulusi wa kangaude kapena timizu toyera toyambira m'mphepete. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pa galasi, moti ngakhale mutapukuta chipsera chimatsala. Kadontho kamodzi m'mphepete mwa galasi la kutsogolo, tsitsani mtengo. Chikafika pakati kapena m'magalasi amkati, bwezani. Wachiwiri ndi chifunga, galasi lonse kuoneka ngati mwaliuzira mpweya. Chimenechi chimabisala, popanda tochi simungachione, koma ndicho chimachititsa zithunzi kutuwa. Wachitatu ndi kumatuka kwa magalasi awiri omwe anamatidwa pamodzi, kumaoneka ngati utawaleza kapena mafuta pa madzi m'mphepete. Kumeneko kulibe mankhwala otchipa.

Mukapeza Super-Takumar 50 ya f/1.4 galasi lake lili lachikasu ngati tiyi wopanda mkaka, si dothi. Ambiri mwa amenewa galasi lake lina muli thorium, yomwe imatulutsa cheza chochepa ndipo imasintha mtundu wa galasi pakapita zaka. Kujambulira palibe vuto, koma musamaiike padiso ngati galasi loonera, ndipo ikasweka musapale kapena kupera zidutswa zake. Chikasucho chimachepa ikakhala pa kuwala kwa dzuwa masiku angapo. Kutani mbali inayo ndi pepala lonyezimira la aluminiyamu, chifukwa dzuwa lodutsa mu lenzi limayatsa moto, komanso isatenthe kwambiri, girizi angasungunukire pa timasamba.

6. Ilozetseni ku phiri

Apa ndiye ogulitsa ambiri amayamba kuyang'ana wotchi, koma musalole kuthamangitsidwa. Mangani lenzi pa kamera yanu, osati ya wogulitsa. Ngati ndi Sony, Fujifilm kapena Canon yopanda kalilole, lowani mu menyu muyatse kolola kujambula popanda lenzi, pa Sony palembedwa Release w/o Lens. Mukapanda kutero kamera ikana, poti siikudziwa kuti pali kanthu. Pa Canon 600D ndi anzake ikani pa Av, pomwe kamera imasankha yokha liwiro la shata, kapena M.

Tulukani panja pomwe phiri la Kasungu likuonekera. Tsegulani chibowo chonse. Yatsani sikirini, kulitsani kakhumi, lozetsani pa mwala kapena mtengo wa pamwamba pa phiri. Musadalire kadiso koonera, pa makamera a kalilolewa sikaonetsa kusiyana kwa f/2 ndi f/2.8, ndiye kamakunamizani kuti mwafika. Tsopano potani fokasi pang'onopang'ono kulowera ku chizindikiro chonga 8 wogona, choimira kutali kwenikweni.

Pachitika chimodzi mwa zitatu. Phiri likayera ndendende pothera mkombero, zili bwino. Likayera musanafike kothera, kenaka n'kuyambanso kuzilala, zilinso bwino. Maadaputa otchipa ambiri amawapanga opyapyala pang'ono dala, kungoti muzikumbukira kuti kupota mpaka kumapeto si kufokasa kutali. Koma mkombero ukafika pothera phiri likadali kubwera, ngati likanayera mukanapotako pang'ono, ndiye lenzi siikufika. Imeneyo idzakulepheretsani kujambula kwaya, mpira, ngakhale galimoto za ukwati zikutulukira pa msewu.

Zikatero musathamangire kuweruza lenzi, pezani kaye wolakwa. Onani ngati yalowa mazinga onse mpaka kukhala pansi. Mangani lenzi ina pa adaputa yomweyo, n'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi mnzanu yemwe ali nayo kale. Zonse ziwiri zikalephera, adaputa ndiyo yanenepa. Ya mnzanu ikafika koma iyi ayi, kumbukirani zokalika zija. Mkati mwa fokasi muli mazinga okhala ndi poyambira pangapo, ndipo wokonza akamasula osaika chizindikiro, pobwezera amalowera polakwika. Nthawi zinanso galasi limabwezedwa chozondoka, pamenepo pakati pamaoneka bwino koma m'mbali monse mumapakika. Wodziwa amakonza, koma mtengo wokonzetsa uchoke pa mtengo wa lenzi.

Mayesowa chitani m'mawa. Mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba phiri, ndipo masana mpweya wotentha umavinitsa chilichonse chakutali. Mungakane lenzi yabwino chifukwa cha nyengo. Phiri likabisika, nsanja ya netiweki yomwe ili patali ndithu imakwanira.

Mukatha phiri, pezani khoma la njerwa zootcha, imani molunjika nalo, jambulani pa f/2, f/4 ndi f/8. Kulitsani ngodya zonse zinayi. Kufewa m'ngodya pa f/2 ndi khalidwe la malenzi akale, makamaka Helios. Choipa n'chakuti mbali imodzi iyere ina ifewe, ndiye kuti magalasi anasuntha itagwa. Onaninso ngati chithunzi chikuda mukamatseka pa M, kutsimikiza kuti timasamba tikugwiradi ntchito. Pomaliza jambulani munthu dzuwa lili kumbuyo kwake. Kutuwa pang'ono kulipo pa lenzi yakale iliyonse, koma nkhope ikasowa mu utsi woyera, chifunga chija n'chachikulu kuposa momwe tochi inaonetsera.

Kuzungulira kwa masamba kuja mukakufuna, imikani munthu mamita awiri kapena atatu kuchokera pa inu, mtengo wodutsa kuwala ukhale patali kumbuyo kwake, chibowo pa f/2. Pa sensa yaing'ono kumachepa, chifukwa kumachitikira m'mphepete momwe sensayo imadula.

7. Mtengo

Sindilemba mitengo pano. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nambala iliyonse imakalamba msanga. Onani pa eBay, msika wa pa intaneti, zomwe zagulidwa kale, osati zomwe anthu akungotchula, kenaka ganizirani zotumizira ndi msonkho zomwe mukanalipira. Chilema chilichonse mwapeza chitchuleni poyera ndi kumuonetsa mwini wake pa sikirini. Zivindikiro ziwiri zikasowa, nazonso ndi ndalama.

8. Malenzi a ntchito zapadera

Mazumu akale ambiri, malenzi otha kukoka ndi kubweza chithunzi, sindiwalimbikitsa, ndi olemera, amdima, ndipo chuku chimawakonda. Ya 18-55 yanu yobwera ndi kamera imawaposa.

Zoyenera kuzisaka ndi ziwiri. Ya makro, yojambula tinthu tating'ono pafupi, monga Micro-Nikkor 55 ya f/3.5, imajambula mphete za ukwati, mawanga a matenda pa tsamba la fodya, ngakhale mbozi ya mu chimanga moti mlangizi aizindikire pa foni. Poyesa, jambulani ndalama ya pepala itagona pa tebulo, muone ngati timizere tikuoneka mpaka m'mbali. Inayo ndi ya kalilole ya 500 f/8, yaifupi ngati chitini cha mkaka koma yokoka zakutali. Chibowo chake sichisintha, ndipo kuwala kwa kumbuyo kumatuluka ngati timadonasi. Pa 600D imaona ngati 800, ndiye mvuu za pa damu la Lifupa mu Kasungu National Park zimadzaza chithunzi. Koma imafuna dzuwa, shata yothamanga ya 1/1000 ya sekondi kapena choimikapo kamera, ndipo fokasi yake ndi yopyapyala ngati lumo. Poigula onani kalilole wamkati, akachita mawanga akuda musatenge.

Mukaona Tamron yolembedwa Adaptall, pakamwa pake pamachoka n'kuikapo pena, choncho musaikane msanga chifukwa cha maunti.

9. Mukafika nayo kunyumba

Musapite nayo ku ukwati wa munthu Loweruka lomwelo. Tengani masabata awiri mukujambula ana akusewera ndi nkhuku za pakhomo mpaka dzanja lizolowere. Nikon ndi Pentax zimapota fokasi mosemphana ndi Canon, ndipo dzanja limasokonezeka pa nthawi yolakwika. Ndi Helios pa 600D shata isatsike pansi pa 1/100, popeza mulibe choletsa kunjenjemera. Pa tsiku la ntchito, polowa mkwatibwi ndi pa perekaniperekani bwererani ku lenzi yofokasa yokha. Yakaleyi ndi ya nthawi imene akwati aima phee pansi pa mtengo.

Popukuta, yambani mwauzira fumbi ndi kampira kopopera, kenaka kansalu kofewa ka magalasi. Malaya kapena chitenje ayi, sipiriti wofiirira uja ayinso, amasiya utoto. Kansalu kakakhala ndi kamchenga kamodzi ka mu Okutobala, mwalemba mzere pa galasi.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi nyengo ya chuku. Chotsani lenzi m'chikwama chachikopa chomwe inabweramo, chimasunga chinyezi. Ikani m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi ta silika tija timapezeka m'makatoni a nsapato ndi mankhwala. Timapaketito timakhuta, ndiye mwezi uliwonse tiumitseni pa mbale yachitsulo pamwamba pa mbaula makala akuzilala. Mpunga musavutike nawo m'malo mwa silika, ungokubweretserani fumbi ndi anankafumbwe. Kontenayo ikhale pa shelefu powala, osati pansi pa bedi, ndipo lenzi yomwe ili kale ndi kachuku ikhale m'kontena yakeyake.